Nyimbo za Lenti Zokhala ndi Magitala

Ndinayamba kulemba nyimbo zimene ndimamvera ndili giredi 9, chaka chimene makolo anga anandichotsa kumudzi ku Kasenengwa n'kukandisiya kwa azakhali ku Kapata kuti sukulu ndiziyendera pafupi. Azakhali anali mayi wamasiye. Ankasoka zovala pakhonde, ndipo kutchalitchi cha Katolika ndiwo ankatsogolera kwaya ya amayi. M'nyumba mwawo munali chinthu chimodzi chokha chimene anandiletsa kukhudza, wailesi yakuda ya kaseti yofunditsidwa kansalu koluka, imene ankaphunzitsira nyimbo za Misa.

Ndinaikhudza sabata yachiwiri.

Wondiyambitsa anali mnzanga wa m'kalasi, mtsikana wa m'banja lachisilamu lomwe linali ndi shopu ya nsalu pafupi ndi msika. Mlongo wake wamkulu ankapita ku Lusaka kukatenga katundu, ndipo pobwera ankalowetsa matepi pakati pa zitenje kuti bambo awo asawaone. Tsiku lina mnzangayo anandipatsira tepi pansi pa desiki.

"Ukamvere uli wekha," anandinong'oneza. "Ukayambe watsitsa mawu. Imayamba ngati ndewu."

"Ndi nyimbo zanji?"

"Roko."

Loweruka masana azakhali anapita kumaliro ku Chipangali. Ndinatseka chitseko, ndinavundukula wailesi, ndipo za kutsitsa mawu ndinaiwala. Chimene chinatuluka m'menemo chinabalalitsa nkhuku za aneba. Ndinazimitsa msangamsanga poganiza kuti ndawononga wailesi ya eni. Ndinakhala pansi. Kenako ndinayatsanso. Magitala ankalira ngati macheka akudula chitsulo, ng'oma zikuthamangitsana, ndipo pamwamba pa zonsezo mwamuna wina ankakuwa ngati wapondedwa chala ndi ng'ombe. Ine, mwana wofatsa amene ndinkagwada popereka madzi, ndinapezeka ndikugwedeza mutu mpaka duku linagwa.

Tepiyo inali yobwereka, choncho ndinafuna kusunga kenakake. Ndinatenga kope latsopano, pachikuto n'kulembapo kuti "Maphunziro a Chipembedzo". M'kati ndinkalemba tsiku, nyimbo, ndi timizere tosonyeza kuti ndaimvera kangati. Vuto linali mayina. Chizungu cha oimbawo sichinali cha aphunzitsi athu, ndipo tepiyo inalibe pepala. Ndiye nyimbo iliyonse ndinaipatsa dzina langa. Panali "Ya wopondedwa chala", "Ya ng'oma zothawa galu", "Ya mkazi wa chimfine", ndi ina yoyenda pang'onopang'ono imene ndinaitcha "Ya kulira mwaulemu". Kumapeto kwa mzere ndinkaweruza ngati mphunzitsi: yotentha, yofunda, kapena phala.

Patapita miyezi, mlongo wa mnzanga uja anandijambulira tepi yangayanga. Tsopano ndiibise kuti? Azakhali ankafufuza chikwama changa, ndipo pansi pa matiresi ankapisapo dzanja okha Loweruka lililonse. Ndinaganiza mpaka nzeru inabwera. Matepi awo ankakhala m'katoni ya nsapato, ndipo a kumapeto kwenikweni, amene sankawagwira, anali a nyengo ya Lenti. Ndinamata kapepala pa tepi yanga, ndinatsanzira kalembedwe kawo kopendekeka, n'kulemba kuti "Nyimbo za Lenti 2". Ndinaiika pakati pa inzake. Kwa miyezi yambiri inakhala mwamtendere pakati pa oyera mtima, ine n'kumaitulutsa azakhali akangopita kukagula ulusi. Ndinkaibweza m'mbuyo ndi bolopeni kuti mabatire asandiulule.

Ndinadziona wochenjera kwambiri. Chimene sindinachiganizire n'chakuti Lenti imafika chaka chilichonse.

Linali Lachitatu la Phulusa, masana. Amayi a kwaya anasonkhana pansi pa mtengo wa mango pabwalo pathu, aliyense ali ndi mtanda wa phulusa pachipumi, nkhope zili zachisoni monga mwa tsikulo. Ine ndinali kuseri ndikutsuka mbale. Ndinamva azakhali akuti, "Yoyamba ija tinaimaliza chaka chatha. Lero timve yachiwiriyi, kenako titsatire."

Mbale inandipulumuka m'manja. Ndinakumbukira kuti dzulo lake ndinaimitsa tepiyo pakatikati pa "Ya wopondedwa chala", pamene mwamuna uja amakoka mpweya kuti akuwe kotsiriza.

Anakuwadi.

Ndinasuzumira pakona ya nyumba. Mayi wina wachikulire anali atagwetsa korona. Wina anaimirira n'kugwira chitenje ngati akufuna kuthawa. Wina, amene ankamva movutikira, anatsamira kwa mnzake n'kufunsa mokweza, "Kodi n'Chilatini?"

"Chilatini chanji! Munthuyu akumupha!"

Azakhali sanathamange. Anatambasula dzanja, anazimitsa wailesi, anatulutsa tepi n'kuyang'anitsitsa kalembedwe kaja kwa kanthawi. Kenako anaiika m'thumba la malaya.

"Amayi, lero tiimba pakamwa," anatero.

Anaimba mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinatsuka mbale zomwezo katatu.

Alendo atapita anandiitana pakhonde. Ndinagwada patali ndithu, poyesa kutalika kwa mkono wawo.

"Kanditengere kope lako la chipembedzo."

"Liti, azakhali?"

"Limene umaliwerenga tsiku ndi tsiku, koma mayeso ake n'kumalephera."

Ndinalibweretsa. Anavala magalasi awo osokera n'kuyamba kuwerenga mokweza, mwa mawu amene ankawerengera kalata ya Paulo Woyera kutchalitchi.

"Ya ng'oma zothawa galu. Yotentha." Anatembenuza tsamba. "Ya mkazi wa chimfine. Phala." Milomo yawo inanjenjemera pang'ono, koma anaigwira. Kenako chala chinaima. "Lachiwiri ili. Ya wopondedwa chala, timizere tisanu ndi tiwiri. Si tsiku lija unati mutu ukuwawa, ine n'kukusiya utagona?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndi Lachisanu ili, unati kusukulu akutulutsani msanga chifukwa aphunzitsi ali pamsonkhano?"

Mabodza anga onse a chaka chathunthu anali m'menemo, ndi masiku ake, olembedwa ndi dzanja langa lomwe, mwaukhondo. Sanandimenye. Anangoti popeza ndimakonda nyimbo za Lenti chotere, ndiziimba nawo m'kwaya mpaka nyengoyo ithe. Masabata asanu ndi limodzi ndinaima pakati pa amayi a msinkhu wa mayi anga, ndipo mayi wosamva bwino uja ankandifunsa nthawi zonse ngati munthu uja anachira. Pa Pasaka, titabwera ku Misa, azakhali anaponya tepi pamiyendo panga.

"Kusala kwatha. Tenga phokoso lako. Koma mabatire a kwaya usawayandikire."

Kulemba sindinasiye. Kope loyamba litadzaza ndinayamba lachiwiri, kenako lachitatu, ndipo ndikawatsegula lero ndimaona mmene makutu anga ankasinthira. Ndili kukoleji ya uphunzitsi ndinayamba kunyoza nyimbo zonse zimene ndinayambira. Ndinkafuna zolemera, zimene woimba amabangula kuchokera m'mimba, mawu osamveka ngakhale kwa mzungu. Ndinkavala zakuda mu Okutobala, dzuwa la Chipata likuwotcha mapiri, thukuta lili kamukamu, koma osavomera kuti ndikupsa. Pa tsamba lina ndinabwerera ku "Ya kulira mwaulemu" n'kulemba pambali kuti, "Ndinali mwana."

Matepi atatha kunabwera ma CD okandika, kenako timemori kadi. Kumsika kunali bambo wina wokhala ndi kompyuta amene ankathira nyimbo m'mafoni, ndipo tsiku lina anandithirira zimene sindinapemphe. Inali roko, koma ya kwathu konkuno, ya anyamata a kumigodi ya ku Kopala a m'nthawi ya makolo athu. Magitala ake ankakanda chimodzimodzi, koma pansi pake ng'oma zinkayenda ngati za kumudzi, ndipo apo ndi apo ankaimba Chinyanja ndi Chibemba. Zaka zonsezo ndinkayesa kuti phokoso limeneli limachokera kutsidya la nyanja kokha. Mwezi umenewo kope lonse ndi la iwo.

Ndinapita nazo kwa azakhali mwadala, kuti ndiwapute. Anali atakalamba, koma makina ankapalasabe. Ndinaika foni pa mulu wa nsalu n'kudikira kuti andithamangitse. Phazi lawo linaima pa chopondera. Kenako linayambanso, koma tsopano likutsata ng'oma.

"Iyi tinkavina muholo, tili atsikana," anatero osandiyang'ana. "Tinkatulukira pawindo, nsapato kumanja."

"Azakhali! Inuyo?"

"Kusiyana kwake, ife sitinkalemba umboni."

Masiku ano ndine mphunzitsi, ndili pabanja, ndipo kope sindisunganso chifukwa foni imawerenga yokha. Chaka chikamatha imakuonetsa nyimbo imene waimvera koposa zonse. Amuna anga, amene amakonza njinga zamoto ndipo amakonda nyimbo zofewa za m'mabasi, ndakhala ndikuwaseka kuyambira tili pachibwenzi kuti makutu awo ndi a phala. Ndiye chaka china mu Disembala, tikudya chakudya cha m'mawa, ndinatsegula foni pamaso pawo monyadira kuti aone mkazi amene anakwatira.

Pamwamba penipeni panali kanyimbo kachikondi. Roko ndithu, koma yonyowa, ya gitala limodzi ndi mwamuna wodandaula kuti amusiya. Ndinkaimvera pochapa, polemba mapulani a maphunziro, pa njinga popita kuntchito, osazindikira kuti foni ikuwerenga.

Amuna anga anaika kapu pansi mosamala.

"Amayi, kodi aka si kaphala?"

"Foni yalakwitsa."

"Foni yalakwitsa chaka chonse?"

Anaseka mpaka anatsamwa tiyi. Mlungu wonse ankati akamadutsa pafupi nane ankaimba kanyimboko m'mphuno, dzanja lili pachifuwa.

Chaka chotsatira ndinakonza chiwembu. M'mawa uliwonse ndikafika kusukulu ndinkasankha nyimbo yobangula kwambiri, ndinkaiika kuti izibwereza, ndinkatsitsa mawu mpaka zii, n'kutsekera foni m'dirowa. Ine ndikuphunzitsa masamu, m'dirowamo munthu ankabangula yekha mpaka belu lomaliza. Kanyimbo kanga kachikondi ndinkakamvera pa foni ya mphunzitsi mnzanga nthawi yopuma, kuti kasalowe m'kaundula. Batire inkatha masana asanakwane, anthu ankadandaula kuti sindipezeka, koma ndinapirira.

Disembala atafika, chobangula chija chinali pamwamba, patali ndi zinzake zonse. Ndinapeza amuna anga pabwalo akutsuka tcheni cha njinga m'beseni, ndipo ndinawaika foni pamphuno.

Anapukuta manja, anayang'ana, anagwedeza mutu ngati agonja.

"Chabwino, mwapambana. Popeza mwaimvera chaka chonse, tandiimbireni ndime imodzi."

Ndinatsegula pakamwa. Nyimbo imene foni inkati ndimaikonda kuposa zonse ndinali ndisanaimvepo mpaka kumapeto ngakhale kamodzi. Ndinayesa kubangula chilichonse, koma chinatuluka chifuwa.

Anabwerera ku tcheni chawo n'kuyamba kuimba kachikondi kaja motsitsa, ndipo pofika pakati anaphonya mawu mwadala.

"Si choncho," ndinatero ndisanaganize, n'kuwakonzera mzere wonse, ndi kamawu kokwera kumapeto komwe.

Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. Ndinakhala pa chitini cha oyilo pambali pawo, ndipo tinaimaliza limodzi mpaka kumapeto, iwo akulakwitsa, ine ndikuwakonza.