Tsiku Limene Ndinakaniza Bonifasi Mwana Wake

Linali Loweruka, pa 12 Febuluwale 1994, nthawi ya 9 koloko m'mawa, pamene ndinabereka Tisa kuchoka kwathu kuseri kwa Chalimbana. Anali ndi miyezi itatu, ndipo tinali tisanamutengere kumphasa. Mwana wotere ndi wozizira. Munthu wotentha, amene wagona ndi mnzake, sayenera kumugwira, ndipo bambo wake akayenda ndi mkazi wina mwanayo amatsokomola n'kutupa. Tisa anali atatsokomola sabata yonse.

Apongozi anga sanabise mawu. Anati mwana wawo Bonifasi, mwamuna wanga, akugwira ntchito pamalo oipa. Iye ankatchetcha udzu ndi kukonza madenga kupaki ya m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe, kumene kuli nyumba zakale zogona alendo. "Pita ukamufunse," anatero. Ine amene ndimachita manyazi ngakhale kufunsa mtengo wa sopo.

Pamsewu ndinakwera vaneti yonyamula mkaka, K200 mpaka ku Chongwe. Ndinakhala pakati pa zigubu, mwana nditamubweretsa kutsogolo. Mayi wina wa nkhuku ziwiri anatambasula dzanja kuti amugwire tsaya. Ndinatembenuka msanga ngati ndikukonza chitenje.

"Iwe, sinizamudya," anatero akuseka. Ndinkangomvetsera kachifuwa ka Tisa kakulira ngati kamwana ka mphaka.

Ku Chongwe ndinagula chimanga chootcha chimene sindinadye. Minibasi inali K300. Kondakitala atamva kumene ndikutsikira anakuwa kuti onse amve: "Ba sisi ayenda kupikiniki na mwana! Nanga ba boss bali kuti?" Anthu anaseka, ine ndinayang'ana mapazi anga. Pamlatho ndinaona madzi ali ofiira, akukokolola mitengo yathunthu.

Kuchokera pamsewu waukulu ndinayenda wapansi m'matope. Ndinafika dzuwa litapendeka, mitambo itada. Malowo ndi okongola, sindingakane: mikuyu ikuluikulu, udzu wometa bwino, mipando yakonkire kuyang'ana kumadzi. Koma ine ndinkaona zina. Magalimoto a ku Lusaka, amuna amimba akuotcha nyama, atsikana amathalauzi akuseka mokweza. Wina anatuluka m'chipinda akukonza tsitsi.

Mayi wachikulire amene ankatsuka mapoto kuseri anandikodola. Dzina lake anali Ba Enelesi, wophika wa pamalopo. Atamva kuti ndine mkazi wa Bonifasi anapukuta manja kuti alandire mwana. Ndinabwerera m'mbuyo.

Anandiyang'ana pang'ono, kenaka anaseka mpaka kugwira bondo. "Ine? Mwana wanga, ine ninazizira kudala kupambana madzi ya mumtsinje. Koma usanipase, wachita bwino. Bwela, mvula iyi."

Tinathawira pakhonde la nyumba yamiyala, mvula ikuyamba. Bonifasi anali kutsidya kukadula mitengo. Podikira, Ba Enelesi anandiuza za nyumbazo. Yamiyalayo ndiyo yakale kwambiri. Anaimanga mzungu, nthawi imene ulendo wa ku Chipata unali wa masiku, ndipo mtsinje ukadzaza malole ankagona pomwepo. Azungu ankagona mkati, anthu akuda m'khola la kuseri, ndipo bambo a Ba Enelesi ndiwo ankawatenthetsera madzi osamba. Nyumba yachiwiri, yamalata, inabwera dziko litalandira ufulu, ya madalaivala a mathiraki. Pamene asilikali a ku Rodeshiya anaphulitsa mlatho, anthu anadzaza zonse ziwiri mpaka m'makhonde.

"Muja mu namba folo munabadwila mwana, ine namugwila na manja aya," anatero. "Manje baona chabe mamotoka ya pa Sondo, bati ni malo ya mahule."

Tisa anatsokomola mpaka nkhope inada. Ba Enelesi anasiya kuseka. "Uyu afunika kukiliniki. Lelo simungaoloke, kamsewu kadzala. Mailo kuseni-seni."

Bonifasi anafika atanyowa, nkhwangwa paphewa. Atationa anaponya nkhwangwayo nathamanga, manja ali patsogolo. "Tisa wanga!"

Sindinaganize. Ndinangopezeka ndatembenuka, mwana ndamupanikiza pachifuwa. Manja ake anatsala m'mwamba. Mawu onse amene ndinakonza m'njira anathawa, koma iye anamva.

"Ni amai bakutuma?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Na iwe uganiza so?"

Ndinangolira. Sanakalipe. Anati ndimutsate. Kuseri kwa nyumba yamiyala kunali khola lija, denga lake lodontha. Munali mphasa zisanu zogonapo antchito, amuna anayi akuotha moto wa mbaula, masokosi atayanikidwa pawaya. Mmodzi anati, "Mulamu, mutengeni uyu, atilemesa. Usiku onse ni Tisa, Tisa." Bonifasi sanaseke. Anangoloza mphasa yake natuluka.

Ba Enelesi ananditsegulira chipinda cha namba folo. Pabedi sindinamugoneke mwana, pakuti sindinkadziwa amene anagonapo. Ndinakhala pampando, iye ali pamiyendo, ndikuwerenga mpweya wake, mtsinje ukukukuma kunja. Mphasa zisanu sizinandiuze chilichonse chotsimikizika. Mwamuna akafuna kuchimwa, zipinda zinali pomwepo. Ndinaona kuti palibe amene adzandipatse umboni, ngakhale apongozi, ngakhale Ba Enelesi. Zinatsalira ine.

Kutacha mvula inali itakata. Bonifasi anali atakhala pakhonde, maso ofiira, nsapato zili m'manja. Tinayenda mpaka pamene kamtsinje kanadula msewu. Madzi anali ofika m'chiuno, othamanga. Iye anaima, osapempha kanthu.

Ndinamasula chitenje, ndipo ndinamupatsa mwana. Anamukweza pamwamba pa mutu wake nalowa m'madzi. Ine ndinagwira lamba wake kumbuyo, ndipo tinaoloka kupita kukiliniki.