Nkhuni Yotulutsa Lilime

Tatsitsani ma iyafoniwo aise, pezani pokhala, izi zikufunika makutu onse awiri.

Chaka chatha titakolola nandolo kumunda kwathu ku Machinjiri, masteni anati mitengo yake tisaisiye, makala avuta. Ndinasenza mitolo ineyo, pamutu pangapa, n'kukaunjika pakhonde. Masana ake achemwali anandisiyira mwana wawo, kamtsikana kongoyamba kukwawa, iwo n'kupita kuchigayo. Ine ndi foni, mukundidziwa. Ndikumujambula vidiyo akukwawira kumulu wa nkhunizo, ndikuti iyi ndiye ya pa sitetasi.

Ndiye pali thadzi lathu lina la anapiye. Linangoyamba phokoso, nthenga zonse njoo, khosi tolotolo, anapiye balala kukabisala kuseri kwa ndowa. Ndinayang'ana kumwamba, kabawi kulibe. Ndinaligenda ndi silipasi, ndikuti likundiwonongera saundi. Linathawa pang'ono, n'kubwereranso, maso ali pamulu pomwepo.

Masteni anatuluka m'nyumba manja ali sopo yekhayekha.

"Iwe, nkhuku ikamatero umaigenda? Tamunyamule mwanayo!"

"Palibe kanthu apa amayi, ndi nkhuni basi."

"Ndati munyamule! Maso ako anathera m'galasimo."

Pamene ndikuwerama, mwana n'kuti atatambasula kale dzanja kuti agwire kamtengo kena kotuwa kamene kanatulukira pambali. Kamtengoko kanatulutsa lilime. Lofiira, aise! Nkhuni kutulutsa lilime! Ndinamukoka mwendo mwanayo ngati ndikuzula chinangwa, iye kulira, ine kukuwa kuposa iyeyo.

"Nalikukuti," anatero masteni, mawu ali pansipansi. "Ikakuluma imeneyi magazi sasiya kutuluka."

Njoka yowonda ngati chala, khungu ndendende khungwa la nandolo, ndi timadontho tomwe. Sinathamange n'komwe. Inangobwerera pang'onopang'ono m'kati mwa mulu, basi yasanduka nkhuni kachiwiri.

Vidiyo ija ndaionera kambirimbiri, kuzuma mpaka chithunzi kuphwanyika. Njokayo ilimo kuyambira poyamba penipeni, koma mpaka lero ndimaipeza pokhapokha lilime likatuluka. Nkhuku yopanda data inaiona ili patali. Ndipo ine ndinayenda nayo pamutu kuchokera kumunda!

Tsono taganizani. Dzuwa likupendeka, mulu uli pakhomo penipeni pamene mwana amasewera, njoka ili m'katimo. Kuyatsa moto sizingatheke, denga la khonde ndi lapulasitiki. Masteni akuti ndiphwasule, ndizichotsa mtengo umodziumodzi. Mtengo uliwonse ukundiyang'ana.

Mukanakhala inuyo, dzanja mukanalowetsamo?