Tsiku Limene Kamtsinje Kanaphwa Dzuwa Likuwala

Funso limene ndakhala nalo kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi ndi ili: zinatheka bwanji kuti ife, anthu okulira m'madzi osefukira, titaye mayi athu pa tsiku lopanda ndi kamtambo komwe?

Kwathu kunali kuchigwa, pafupi ndi Shire, ndipo madzi tinkawadziwa. Ankabwera pang'onopang'ono kudzera kudimba. Bambo ankazika ndodo kumapeto kwa bwalo kuti aziona mmene akukwerera. Ndodo ikamira tinkasamuka, ndipo madzi akayamba kutsika tinkati zatha. Chimene tinkakhulupirira chinali chimodzi: ngozi imachokera kumunsi, populumukira ndi kumtunda.

Chaka chimenecho mvula inagwa masiku ambiri osakata. Ndodo itamira, tinathawira kwa azakhali, mlongo wawo wa bambo. Iwo anali atangosamuka kumene ku Ndamera n'kukamanga patsinde pa mapiri a ku Thyolo, pafupi ndi kamtsinje kotsika m'phirimo. Atatisiya kumeneko, bambo anabwerera kukatenga mbuzi.

Kenako kunacha kotentha. Nthaka inkafuka nthunzi, ndipo zofunda zathu zinkanunkha chinyontho. Kamtsinje kaja, kamene kankalindima usana ndi usiku, kanangoti zii. Titapita kukaona tinapeza madzi akulekeza m'akakolo, miyala ili poyera, tinsomba tikuphiriphitha m'matope.

"Takhuta," anatero azakhali, kuthokoza m'Chisena chimene anachizolowera ku Ndamera. "Madzi atopa. Alamu, tiyeni tichape mabulangete aja asanamere bowa."

"Akamera mudya nokha," anayankha mayi akuseka.

Tinatsikira kumtsinjeko, ine nditabereka mchimwene wanga wakhanda. Bulangete loyamba litachapidwa, mayi anandisenzetsa.

"Esinati, kayanike pathanthwe lapamwamba lija. Mwanayo asapse ndi dzuwa."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza.

Ndili pathanthwepo ndinayamba kumva fungo, longa la munda wongolimidwa kumene losakanikirana ndi la mizu yothyoka. Kenako kunamveka phokoso ngati la mathirakitala a ku esiteti ya nzimbe, koma lochokera kumene kulibe msewu. Nditayang'ana kumtunda ndinaona mitengo ikutsika ili chiimire, matope ndi miyala zikuikankha. Azakhali anathawa n'kukwera gombe. Mayi anayamba awerama kuti anyamule mabulangete onyowa amene anatsala, chifukwa tinalibe ena. Pamene ankaweramuka, matope anali atafika.

Sindinakuwe. Ndikukumbukira kuti ndinapitiriza kuyanika bulangete langa, n'kuwongola ngodya zake bwinobwino. Mwana anali m'tulo kumsana. Dzuwa linkawalabe.

Anthu anakumba m'matopemo kwa masiku angapo, koma mayi sanapezeke. M'manda tinaikamo thunthu la nthochi.

Zinanditengera zaka kuti ndilumikize zimene zinachitika. Mvula ikakata, phiri silikhala litauma. Limakhala lolemedwa ndi madzi amene lamwa, ndipo likhoza kugumuka ngakhale kunja kukuwala. Tsiku limenelo dothi linagumuka kumtunda n'kutseka njira ya madzi. N'chifukwa chake kamtsinje kanaphwa mwadzidzidzi. Madzi sanatope, ankasonkhana kuseri kwa dothilo mpaka linaphulika. Anthu a m'mapiri amati ameneyo ndi napolo. Ife tinaona madzi akutsika, ndipo tinawamasulira monga tinkamasulira ndodo ya bambo. Nzeru imene inkatipulumutsa chaka ndi chaka kuchigwa ndi imene inatitsitsira m'kamtsinje kaja. Sindiimba mlandu azakhali, kapena mayi. Aliyense anachita zimene ankadziwa, pa malo amene sankawadziwa.

Bambo anafika mawa lake ndi mbuzi zonse, palibe inasowa. Kumtsinje tinatsikirako anthu anayi ndi mabulangete atatu. Tinabwerako anthu atatu ndi bulangete limodzi, ndipo pofika madzulo linali litauma.