Mahandulo Otsika, Apongozi Pakaliyala

Sukulu sindinapite nayo patali, koma pepala la zilembo silindidutsa. Chaka chimene ndinalowa chikamwini kufupi ndi Sinda, ndinagula kapenta wokulungidwa m'tsamba la magazini. Patsambalo panali anthu opikisana pa njinga ataweramira kutsogolo, ndipo analemba kuti mahandulo otsika amathandiza kuboola mphepo. Tsiku lomwelo ndinatsitsa a njinga yanga mpaka pomwe anathera. Liwiro silinasinthe, koma ndinkadziona wozindikira.

M'mawa wina mkazi wanga anati, "Amayi mwendo ukuwavuta. Muwaperekeze ku chigwirizano kutchalitchi."

Ine ndi apongozi tinali tisanalankhulanepo maso ndi maso. Tikakumana panjira, wina ankapatuka. Tsono anakhala pakaliyala chammbali, bulauzi yoyera mbee, ine n'kukwera. Nditangogwira mahandulo, mutu unapita pansi, mbuyo n'kutukuka, kulunjika komwe mkamwini sayenera kulunjikitsa. Ndinayesa kuwongoka n'kugwira ndi nsonga za zala, njinga n'kuyamba kudzandira ngati yalawa kachasu. Kumbuyo apongozi anagwiritsitsa kaliyala. Mumtima ndinati ulemu wonse umene ndausunga miyezi isanu ukuthera pamsewu uno.

Patsinde pa mtengo wa mango panali bambo wokonza njinga. Ndinaima, n'kunama kuti tayala laphwa. Analitsina, anayang'ana mahandulo, kenako apongozi amene anali atatsika n'kutifulatira.

"Tayala lilibe mlandu, akamwini," anatero. "Gwirani apa tikuimitseni ngati munthu."

Anamasula bawuti ya pamwamba ndi sipanala, n'kuigogoda kamodzi ndi hamala kuti za mkati zilekane. Anapana tayala la kutsogolo ndi mawondo, n'kumakoka mahandulo uku akupotokola, dzimbiri likulira.

"Musapitirire kamzere ka malire kali pachitsulopo," ndinatero ine. "Ndinawerenga kuti..."

"Munawerenganso? Kodi si kuwerenga komweko kwakufikitsani pano?"

Mapewa a apongozi ankagwedezeka. Akuyang'anabe kumunda wa eni ake, analankhula kwa wokonzayo: "Bambo, kwezaninso pang'ono. Msana umenewo tikuufuna ku thonje."

Wokonzayo anakweza, anamanga, anakonzanso mabuleki. Ndinapalasa nditawongoka ngati mkulu wa mpingo, mphepo ikundimenya pachifuwa mmene ikufunira.

Pakhomo pa tchalitchi apongozi anatsika, n'kukonza chitenje. Ndinkati nditembenuke mwakachetechete, koma ndinamva mawu, ndipo ulendo uno panalibe wowadutsiramo.

"Mudzanditenge dzuwa likapendeka, bambo."

Ndinabwerera ndikuimba belu njira yonse, ngakhale kwa nkhuku.