Mwana Wosowa Womunyamula

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndinkaganiza kuti ndathana nawo ana a eni. Ndinabwerera kwathu ku Chiringa, n'kudzala nandolo, n'kumadikira ukalamba. Koma anthu a kabungwe kena anandipeza ndikusenda chinangwa pakhonde, nandipempha kuti ndikhale mlangizi wa atsikana amene anabereka ali m'manja mwa makolo ongowalera. Ntchito yanga inali kuwabwezera kusukulu ndi kuwathandiza kuganizira ntchito ya m'tsogolo. Anatiphunzitsa m'holo ya tchalitchi za masomphenya ndi zolinga, ife n'kumawomba m'manja uku maso ali pa zoziziritsa kukhosi. Palibe amene anafunsa kuti mayi akakhala m'kalasi, mwana amakhala m'manja mwa ndani.

Mtsikana amene sindimuiwala anali wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Makolo ake ndi abale ake onse anapita ndi napolo, chaka chija phiri linatsitsa madzi ndi miyala. A boma anamupereka kwa banja lina la kutchalitchi kwathu, limene silinali naye pachibale. Atafika fomu 3, mnyamata wa kabaza anamupatsa mimba, ndipo mimbayo itaoneka mnyamatayo anawolokera ku Mozambiki, njinga ndi zonse. Pamene ndinayamba kumuyendera n'kuti mwana wake wamwamuna atayamba kukhala pansi.

Nditamufunsa chimene ankafuna kudzakhala, ndinkayembekezera yankho la atsikana onse, unamwino. Iye anati akufuna kukhala dokotala wa ziweto. Ndinaseka, koma iye sanaseke. M'mudzi mwawo ndiye ankadontheza katemera wa chitopa m'maso mwa nkhuku za anthu, ndipo mbuzi ikasiya kudya ankaitsegula pakamwa osaopa. Tinafufuza za sukulu yophunzitsa ntchitoyo, tinapeza kuti afunika kukhoza bwino sayansi ndi zaulimi, zimene ankazitha kale. Aphunzitsi aakulu a kusekondale anavomera kumulandiranso. Ndinabwerera kunyumba ndikudziyamikira ngati ntchito yatha.

Mayi womulerayo anali munthu wamfupi, wolankhula Chichewa chokwera ndi kutsika ngati Chilomwe chake. Mwanayo ankamukonda kwabasi. Matewera ankachapa yekha, phala ankaphika yekha, kachipewa ka kumutu anagula ndiye. Koma sindinamuonepo atamunyamula. Ankakhala chapatali pang'ono, manja ali pamaondo, n'kumamuimbira, mwana n'kumatambasula timanja kufuna kutengedwa. Ndine wobadwira konkuno, sindinafunike kuuzidwa chifukwa chake.

Kwathu kuno khanda limakhala lozizira mpaka bambo ake ndi mayi ake atalitengera kumphasa, monga amanenera akuluakulu. Mwambowo usanachitike, munthu amene akukhalira malo amodzi ndi mwamuna wake amatchedwa wotentha, ndipo amati akalinyamula limadwala tsempho: limatupa, tsitsi limalekana, kenako limapita. Miyezi yoyamba mayiyo ndi mwamuna wake anadika, anagona kosiyana chifukwa cha mwana wa eni. Koma kudika kuli ndi malire, ndipo bambo woti achite mwambowo anali kutsidya kwa malire enawo, osatumiza ngakhale moni. Choncho mwana anangokhala wozizira, ndipo pakhomo ponse womunyamula anali mayi ake yekha.

Ndinapsa mtima. Ndinatenga mayiyo kupita naye kusikelo, namwino n'kumufotokozera bwinobwino kuti mwana amatupa chifukwa chosowa zakudya. Anagwedeza mutu kuvomera zonse. Ndinamukumbutsa kuti ndi mayi wa mapemphero, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anavomeranso. Tikubwerera, anaima panjira n'kundigwira dzanja.

"Amadamu, zonse mwanenazi ndamva. Akanakhala mdzukulu wanga wa m'mimba mwanga, ndikanayesa, akadwala anthu akanati ndi za Mulungu. Koma uyu ndinachita kupatsidwa ndi boma. Mtundu wake wonse uli pansi pa miyala, watsala ndi yekhayu. Akatupa m'manja mwanga, ndidzati chiyani?"

Mayiyo sanali wankhanza. Anali ndi mantha, ndipo mantha ake anali achikondi.

Njira inapezeka mwa ine ndemwe. Mwamuna wanga anamwalira kalekale, ndipo sindinakwatiwenso. Umasiye umene unandiliza zaka zonsezo unandisandutsa munthu wofunika, chifukwa wozizira kuposa ine panalibe. Nyumba yanga ili pafupi ndi sekondale. Tinagwirizana kuti m'mawa mtsikanayo azibwera ndi mwana kumsana, azimusiya kwa ine, azibwera pa buleki kudzayamwitsa, poweruka azimutenga. Mayi womulera uja atamva anagwada pansi kuthokoza, ine mpaka manyazi.

Teremu imeneyo ndimaikumbuka ngati nthawi yabwino ya ukalamba wanga, ngakhale msana wanga ungakane. Mtsikanayo ankafika thukuta lili kamukamu, n'kuvula chitenje, n'kuvala yunifolomu kuseri kwa chitseko changa. Pa buleki ankayamwitsa uku akundiwerengera za mimba zinayi za ng'ombe, mwana n'kumakoka tsamba la buku. Nthawi zina mkaka unkadontha n'kunyowetsa bulauzi, anyamata m'kalasi n'kumaseka. Mtsikanayo analira kamodzi, tinasoka tinsalu toika m'kati, nkhani n'kutha. Mayeso a teremu anakhoza bwino moti aphunzitsi a zaulimi anabwera okha kudzandiuza. Anthu pamsika ankandiseka kuti agogo mwaberekanso, ine n'kumawayankha kuti nsanje ndi matenda.

Kenako maso anga anayamba kuchita chifunga. Kuchipatala anati ndi ng'ala, maso onse awiri. Mwana wanga wa ku Blantyre anabwera kudzanditenga, osafuna kumva za kudikira. Ndisanapite ndinayendayenda kufunafuna mayi wina wamasiye. Ndinapeza gogo wina amene anavomera, koma anali wofooka kuposa ine, ndipo mwanayo n'kuti atayamba kukwawa. A kabungwe aja anati aiona nkhaniyo. Ndinauza mtsikanayo kuti ndi za masabata ochepa, alimbe mtima. Anandiperekeza mpaka pokwerera minibasi, mwana ali kumsana.

Masabata ochepawo anasanduka dzinja lonse. Diso loyamba linachira bwino, lachiwiri linavuta. Pakhomo pa mtsikanayo panalibe foni, ndipo amene ndinkawafunsa ankangoti onse ali bwino, monga timayankhira kwathu kuno ngakhale nyumba ikupsa.

Ndinabwerera chimanga chitacha. Tsiku lotsatira ndinapita kwawo kwa mtsikanayo. Ndili chapatali ndinaona chinthu chimene ndinachipempherera miyezi yambiri: mayi womulera uja akusinja, mwana ali kumsana kwake, kamutu kakugwedezeka ndi munsi. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinaganiza kuti mawu anga aja anamera mochedwa. Kenako ndinaona kanyumba katsopano kuseri, udzu wake usanade, ndipo chimwemwe chija chinazilala.

Mayiyo anandiyalira mkeka n'kundifotokozera zonse, maso ali pansi. Gogo uja analephera pasanathe nthawi. Mtsikanayo anayesa kupita ndi mwana kusukulu, n'kumakhala naye pakhonde la kalasi kumvetsera pawindo, koma mwana wokwawa sadziwa za sayansi. Tsiku lina anamusiya kwa mayi wina wapabanja woyandikana nawo, ndipo sabata yomweyo mwana anatsegula m'mimba, timapazi n'kutupa. Kuchipatala anamuchiza, koma m'mudzi nkhani inali itamveka kale kuti ndi tsempho, ndipo ena anati banja lolera lija likufuna kumaliza mtundu wa eni. Akuluakulu anakhala pansi. Kunapezeka bambo wina wa ku Kaduya, mkazi wake anamwalira, amene anavomera kukwatira mtsikanayo ndi kutenga mwanayo ngati wake. Anabwera kudzakhala pachikamwini, mwambo unachitika, mwana anakhala wa aliyense. Ndi munthu waulemu, anatero mayiyo, wolimbikira kumunda, kungoti anati mkazi wapabanja savala yunifolomu.

Ndinafunsa ngati anamukakamiza. Mayiyo anati ndimufunse ndekha.

Mtsikanayo anabwera kuchokera kumunda atasenza dengu la chinangwa. Anali atawonda kumaso, ndipo mmene anamangira chitenje ndinadziwa kuti ali ndi pakati pena. Anatula dengu, anagwada, anandifunsa za maso anga. Ndinamuuza kuti ndikupenya bwino tsopano, ndabwera, nyumba yanga ilipo, aphunzitsi aakulu ndikhoza kukawaonanso, ngakhale mwamuna wakeyo ndikhoza kulankhula naye. Ndinalankhula zambiri, monga mwa chizolowezi changa. Anandisiya mpaka ndinatopa.

"Amayi, palibe anandikakamiza. Usiku umene mwanayu anatupa uja ndinali ndekha naye, anthu onse ataima pakhomo, akuopa kumukhudza. Ndinati nane ndikafa, mwanayu adzafa ali pansi, anthu akumuyang'ana. Sukulu ndinkaifuna, mukudziwa. Koma ndinkafunanso kuti akhale mwana woti munthu wina aliyense akhoza kumutola akalira."

Ndinalira pamaso pake, ine mlangizi wake. Iye sanalire. Anatenga mpeni n'kuyamba kusenda chinangwa. Mwana anadzuka kumsana kuja n'kuyamba kulira, ndipo mtsikanayo sanatembenuke n'komwe. Mayi womulera uja anamumasula, anamuika pachifuwa, n'kuyamba kuyenda naye pabwalo akumuimbira.