Chala cha Bambo Anga

Amuna anga ankathandiza madalaivala a mathiraki kulongosola mapepala a kasitomu pa malire a Mwanza. Ankawerenga nyuzipepala kwambiri, ndipo ine ankanditenga ngati mbuli.

Tsiku lina ndikusenda chinangwa anandifunsa kuti, “Mabanki akunja amene amakongoza boma lathu aja, mumati ndalama amazitenga kuti?”

Ndinati sindidziwa.

“Nawonso amakongola,” anatero. “Mayiko olemera amasonkha pang'ono chabe, zotsalazo amangolonjeza kuti adzapereka zikadzavuta. Ndiye banki imagulitsa mapepala a ngongole kwa osunga ndalama za penshoni, iwo n'kupereka mosaopa poona mayina a mayiko aja. Ikatero imakongoza ife, n'kuikapo kangachepe pamwamba. Chofunika n'kupeza dzina labwino basi.”

Dzina limene analipeza linali la bambo anga, mlimi wa manachesi kwa Kanduku, munthu amene sankabwereka ngakhale khasu. Amuna anga ankafuna kukongola madola kwa osintha ndalama awiri a pa malire, ndipo anati bambo akangodinda chala papepala la ngongoleyo ngati mboni. Bambo sankatha kuwerenga, choncho anazengereza. Amene anawanyengerera ndine. Anavala jekete yawo ya kutchalitchi, n'kubwerako akusimba kuti mkamwini wawagulira nkhuku yootcha.

Ndalamazo amuna anga anazisintha n'kumakongoza ootcha makala a kwa Nthache. Zinayenda ndithu, mpaka amuna anga anagula njinga yamoto. Kenako kwacha inagwa mphamvu. Amakala anabweza zawo zonse, koma makwachawo sanakwanenso kugula madola a eni ake.

Osintha ndalama aja anafika kwathu ndi lole komanso aganyu. Anathyola manachesi onse, aawisi omwe, bambo ataima poteropo. Pepala lija linkanenanso za munda, ndipo chaka chotsatira anautenga.

Ndinawagwadira amuna anga kuti agulitse njingayo.

“Chala chili papepalapo n'changa?” anandifunsa. “Wolonjeza ndiye amalipira. Ndinakufotokozerani, koma simumva.”

Bambo anayamba kugwira ganyu yopalira m'munda womwewo, pansi pa mitengo imene anadzala okha. Sanandidzudzulepo. Ndikapita kukawaona ankandiyalira mphasa ngati mlendo, n'kufunsa ngati kunyumba tadzuka bwino.

Anamwalira patapita zaka ziwiri, ine ndili pabanja pomwepo chifukwa ndinalibe kopita ndi ana atatu. Amuna anga anafika pamaliro mochedwa. Pobwerera anandinyamula panjinga ija, ndipo njira yonse ankadandaula kuti abale anga sanawapatse mpando.