Ndinawauza Mayi Maureen Kuti Anaphadi Mwana

Ndinazunza munthu wokalamba amene ndinalembedwa ntchito kuti ndimusamalire. Sindinamumenye, sindinamumane chakudya, ndipo palibe amene anandigwira. Ndinamupweteka ndi pakamwa pangapa basi. Inu owerenga, makamaka inu amene mumasambitsa makolo a eni kuno ku London, ndimvereni.

Ndinabadwira ku Zimbabwe koma makolo anga kwawo ndi ku Dedza. Cha m'ma 2004 ndinkakhala ku Barking, ntchito ndikugwira kunyumba ina yosungirako okalamba ku Edmonton. Kumeneko ndinapeza Mayi Maureen, mzungu wa ku Australia, tsitsi lili mbuu. Nditangolowa m'chipinda mwawo ndinaima kaye, chifukwa nkhope ija ndinkaidziwa. Tili ana tinkaunjikana pa TV ya aneba kuonera sewero lina la kwawoko, ndipo mayiwa ndiwo ankakhala apongozi ankhanza. Amayi anga akawaona ankachita kuiloza chala TV, kuitukwana.

Anasewera pa TV kuyambira ali mtsikana mpaka miyendo itayamba kukana. Sanakhalepo mwini nkhani ayi. Lero akhala wophika, chaka chinacho mneba wamiseche, kwina namwino wolusa, kwina mayi wogulitsa mowa. Atakalamba anatsatira mng'ono wawo kuno, mng'onoyo n'kumwalira, iwo n'kutsala okha ndi katoni ya matepi a masewero awo pansi pa bedi. Ankakonda kunena moseka kuti pa TV anafapo kangapo koma sanaikidwepo m'manda.

Anali ovuta, sindikubisa. Belu ankaliza kosalekeza. Ankakonza Chingerezi changa pamaso pa anzanga, kundibwerezetsa mawu ngati mwana wa sukulu. Ine ndakwera sitima ndi basi, msana ukuwawa, ana ndinawasiya kwathu, wina azindiphunzitsa katchulidwe ka mawu? Ndinkamwetulira koma chakukhosi ndinasunga.

Patapita chaka mutu wawo unayamba kusokonekera. Anayamba kusakaniza za m'masewero ndi za moyo wawo weniweni. Masana ena ndinawaikira tepi kuti andipatse mpata ndiyale bedi. Inali ya sewero lomwe lija, pamene apongozi ankhanza aja agunda kamwana ndi galimoto n'kuthawa. Mayi Maureen anayang'anitsitsa, kenaka anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati iwowo anachitadi zimenezo.

Inu owerenga, apa m'pamene ndinalakwa. Ndikanangowauza kuti ndi sewero. Koma ndinawerama pafupi ndi khutu lawo n'kunena kuti, “Inde, munamupha, n'kuthawa. Mayi ake akulirabe mpaka lero.”

Analira chamumtima, misozi yokha ikuyenderera. Tsiku limenelo belu silinalirenso. Ndinaona kuti ndapeza mankhwala. Kuyambira pamenepo akangoyamba kuvuta ndinkaika tepi ija, kuitsogoza mpaka pangoziyo, n'kutuluka. Nthawi zina ndinkawonjezera zanga, zoti mwanayo anali mmodzi yekha kwa mayi ake, zoti apolisi akuwafunafunabe. Zambiri ankaiwala, ngakhale dzina la mng'ono wawo, koma izi zokha zinakhazikika.

Anasiya kundikonza Chingerezi. Anasiya kudzola milomo. Chakudya ankachikankhira kumbali, ati munthu wopha mwana sayenera kudya. M'mawa wina tinawapeza atavala chikhothi, chikwama m'manja, ataima pakhomo lalikulu kupempha kuti wina awaperekeze kupolisi akadzipereke.

Panali nesi wina wa kwathu ku Malawi, Sisitala Nachisale, mayi wamkulu wodekha. Iwo ndiwo anachotsa matepi aja m'chipindamo. Kenaka anandipeza ndikupinda zofunda n'kundiuza m'Chichewa kuti ena asamve:

“Achemwali, maganizo awa pali amene akuwadyetsa Mayi Maureen. Ngati mukumudziwa, mumuuze kuti nafenso tikukalambira m'dziko la eni.”

Ndinakana, kulumbira kumene. Anangondiyang'ana n'kumapita.

Mantha ndiwo anandibweza, osati chisoni. Ndinapita kwa Mayi Maureen, ndinagwada pafupi ndi mpando wawo, n'kuwauza kuti zonse zija zinali sewero, palibe mwana anafa, ine ndinanama. Ndinabwereza tsiku ndi tsiku. Iwo ankangondisisita dzanja n'kunena kuti ndine mtsikana wamtima wabwino, koma ndisavutike kuwanamiza pofuna kuwatonthoza, zimene anachita akuzidziwa.

Thupi lawo linapitirira kutha. Anawatengera kuchipatala, ndipo patangopita masabata ochepa anamwalira. Nesi amene anali nawo anatiuza kuti mpaka kumapeto ankangopepesa kwa mayi wa mwana uja.

Ku maliro kunabwera mwana wa mchimwene wawo kuchokera ku Australia. Anatiuza kuti azakhali akewo sanabereke, koma ana onse amene ankasewera nawo pa TV ankawatenga ngati awo, kuwaphunzitsa mawu, kuwasungira masuwiti m'chikwama. Anationetsa maluwa amene anatumiza uja anali kamwana kogundidwa ndi galimoto m'sewero, tsopano ndi bambo wa ana ake. Kenaka anandikumbatira, kundithokoza kuti ndinawasamala bwino azakhali ake. Ndinavomera, inu owerenga. Ndinati zikomo.

Ntchito ija ndinaisiya chaka chomwecho. Kutchalitchi ku Peckham ndimaimba kwaya, anthu amanditchula mayi wachifundo, ndipo nkhaniyi ngakhale amuna anga saidziwa.

Inu amene mumagwira ntchito imeneyi, kutopa ndikukudziwa, kunyozedwa ndikukudziwanso. Mtima ukadzaza tulukani panja, kauzeni mnzanu, pemphani akusinthireni chipinda, kapena isiyeni ntchitoyo. Musakathere mkwiyo wanu pa munthu amene mutu wake sungathenso kusiyanitsa choona ndi bodza. Iye amakhulupirira zimene inu mwanena chifukwa palibenso wina womufunsa. Ndipo musadzinamize kuti mudzakonza mawa. Ine ndinayesa kukonza nditagwada pansi, mayi aja n'kundisisita dzanja, osandikhulupirira.